Matini ofiira pa siteji ya Kaunda Square

Wakhala bwino, mkazi mnzanga? Sendera mbali iyi, khutu ili silimva. Ndikudziwa chimene wadzera. Ukufuna kapangidwe ka chakumwa chofiira chija kuti ukadabwitse alendo ako kuloji kumene ukugwirako. Ndikupatsa. Koma ulembe momwe ndikuyankhulira ine, usandidule, zikakuchulukira ukafufute wekha kwanu. Chakumwa ukuchifunachi ndi chimene chinandibweza kuno kumudzi, osati ukalamba ayi.

Ku Lusaka ndinapita agogo ako aamuna atangomwalira. Mvula inatikana, fodya anapsa m'munda, amayi ako anali akadali pasukulu. Ife a ku Mchinji Zambia timaiona ngati kuseri kwa nyumba, ndiye mayi wina wa kumpingo atandiuza kuti achibale ake ku Kabwata akudziwa nyumba yofuna wantchito wachikulire, sindinachedwe. Ndinasiya ana kwa akulu anga, ndinawoloka malire pa Mwami, n'kukwera basi ya ku Chipata ija yosafika msanga. Pa depoti ya Intercity ku Lusakako onyamula katundu anandithamangira, wina wagwira chikwama, wina wagwira ine amene. "Ba mayo, muyenda kuti? Letani chola!" Chinyanja chawocho china ndinkamva, china chinkangondidutsa.

Ku Kabwata anandilandira Abiti Saidi, akazi a telala. Makolo awo anachokera ku Mangochi kalekale, iwo anabadwira komweko. Iwo Asilamu, ine wa mpingo, koma mphasa anandiyalira pafupi ndi ana awo, ndipo Lamulungu lililonse ndikapuma ntchito ndinkakadya kumeneko.

Ntchito inali ku Kabulonga. Mpanda wautali, agalu ngati ana a ng'ombe, kapinga wobiriwira ngakhale mu Okutobala. A Madamu anali Mzambia ndithu koma anakhalitsa kunja. Sanali oipa mtima, kungoti ankayankhula akuyenda, ukapanda kumva ndi zako. Ine ndinali wa kukhitchini, ndinkagona m'kanyumba ka kuseri, pafupi ndi agalu aja. Wochapa ndi kusita anali Bana Mwila, Mbemba, ndiye kuti amake Mwila m'chiyankhulo chawo. Ankabwera m'mawa kuchokera ku Kaunda Square. Anali wamng'ono kwa ine, wamfupi, koma mawu ngati wailesi ya m'bala. Dzina langa sanavutike nalo, anangoti Ba Malawi, nyumba yonse n'kutengera pomwepo.

Mlungu woyamba a Madamu anali ndi alendo. Akudutsa pakhomo la khitchini anangoponya mawu: "Ba Malawi, konzani vomwela va matini." Ine matini ndimawadziwa. Ndinadabwa kuti anthu olemera chonchi amwera bwanji m'matini, koma ndinati za eni. Ndinapita kudzala, ndinatola zitini za nyemba ndi za mkaka, ndinazikwecha ndi mchenga mpaka kuwala, ndinaziika pathireyi nditayalapo kansalu. Bana Mwila anandipeza ndatsala pang'ono kulowa nazo pabalaza. Anandikoka chitenje, anakhala pansi, kuseka mpaka misozi. "Imwe Ba Malawi, muzatichosesa nchito! Matini ni drink!" Anandionetsa matambula aja a mwendo umodzi, otambalala kukamwa ngati ambulera yogadamika. Usaseke iwe, lemba. Chinzake chathu chinayambira pamenepo. Malungo atandigwetsa chaka china, iye ndi amene ankaphika m'malo mwanga, a Madamu osadziwa kuti wa kukhitchini ali gone kuseri.

Tsopano apa tchera khutu. Rasibere ndi tizipatso tonga mabulosi koma tofiira, tokhala ndi kabowo mkati, ukatigwira mwamphamvu taphwanyika. A Madamu ankagula kufamu ina kunja kwa tauni. Umatitsuka mofatsa, umatiyanika pansalu, umatithira m'botolo lalikulu la kukamwa kotakasuka. Kenako vodika, mowa woyera uja ngati madzi, mpaka tizipatso tonse timire. Utseke, uike m'kabati mwa mdima. Ukamadutsa uziligwedeza pang'ono. Usandifunse kuti masiku angati, ine sindinkawerenga, ndinkaona ndi maso. Zipatso zikayera kuti mbuu, kufiira konse kwalowa m'mowa, ndiye kuti zapsa. Usefe ndi nsalu yoyera, ufinye ndi manja. Uphike shuga ndi madzi mpaka zitananda ngati uchi, zizizire kaye, ndiye usakanize. Ukathira zotentha wawononga. Walemba?

Matini wakeyo amapangidwa chonchi. Pali kachigubu kachitsulo kokhala ndi chivindikiro, amati sheka. Umaikamo ayezi, vodika kawiri pa kachoyezera kachitsulo, wofiira uja kamodzi, madzi a chinanazi kawiri. Utseke, ukhutchumule mpaka chitsulo chikulume m'manja ndi kuzizira. Ukathira kudzera pa kasefa ka waya, pamwamba pamabwera kathovu. A Madamu ankati matini weniweni ndi woyera komanso wowawa, koma anzawo onse a ku Woodlands ankadzera wofiirayu.

Vuto linali limodzi. Ine mowa ndinali ndisanaulawepo chibadwire, ndipo agogo ako anapita ndi kachasu, ndiye ndinalumbira pamanda pawo kuti pakamwa panga sudzafika. Nanga shuga ndidziwa bwanji kuti wakwana? Bana Mwila ndiye anali lilime langa. Ndikasefa ndinkamuitana, iye n'kubwera ndi supuni yaikulu yophikira. Alawe, ayang'ane kudenga. "Ba Malawi, sininamvele bwino, onjezani." Alawenso. Mpaka ndimulande supuni.

Zaka zinapita choncho. Ndinkatumiza zovala, feteleza, malata, kudzera kwa madalaivala a mabasi. Malata ake ukuwaona padenga pano? Nditabwerera ndinapeza amalume ako anafolera nawo nyumba ya mkazi amene sindinamuonepo, ndipo ana anga omwe ankandipatsa moni ngati mlendo wodzagona tsiku limodzi. Ayi, zimenezo usalembe. Chabwino lemba, akudziwa okha.

Kenako kunabwera nyengo yoipa. Kunamveka kuti kuli anthu oyenda ndi timabotolo, amapopera mankhwala pazenera, eni nyumba akakomoka amawatenga magazi. Kuno munkati anamapopa, kumeneko ankati a gasi. Ine ndi maso angawa sindinamuonepo wa gasi ngakhale mmodzi, koma za anthu ogwidwa n'kuwotchedwa zinkamveka mbali zonse. Wina anangosochera njira, wina anali wodwala mutu chabe, wina ananyamula mankhwala a udzudzu. Lamulungu lina Abiti Saidi anandigwira dzanja pondiperekeza. "Achemwali, mu minibasi muzikhala chete. Mukangotsegula pakamwa, ndi-ndi-ndi wanuyo akudziwani kuti ndinu obwera. Obwera ndi amene akupsa." Kumeneko sanena kuti ndili, amati nili. Ife "ndi" ameneyu timamumeza ndi phala tili ana, satuluka.

Loweruka lina kunali kicheni pate ku Chelstone, phwando la akazi okhaokha lolangiza mkwatibwi, mwana wa achimwene awo a Madamu. Dzulo lake ndinali nditasefa rasibere, zala zanga zofiira mpaka m'zikhadabo. A Madamu ananyamuka m'mamawa ndi galimoto yodzaza mapoto ndi makeke, chikwama cha zakumwa n'kuchiiwala pakhomo. Dzuwa litakwera foni inalira. "Kwelani minibasi, museluke pa Kaunda Square. Bana Mwila azamuyembekezani pa siteji, aziba nyumba." Ndinafuna kunena kuti Madamu, nyengo yake si ino yoyenda ndi mabotolo, koma anali atadula kale.

M'chikwamamo munali mabotolo awiri ofiira opanda pepala lililonse, vodika wa zilembo zachilendo zimene ngakhale iwe wophunzira sungawerenge, madzi a chinanazi, sheka, kachoyezera ndi kasefa. Kuti mabotolo asagundane ndinali nditawakulunga ndi nsalu yosefera ija. Inali yochapa, koma banga la rasibere silichoka.

Ndinavala bulauzi yanga yoyera, ndinamanga duku, ndinakwera. Ndinakhala chete monga anandilangizira Abiti Saidi, chikwama pamiyendo, zala nditazibisa pansi pake. M'minibasimo nkhani inali yomweyo ya a gasi, aliyense ali ndi msuweni amene anapoperedwa. Bambo wina kumbuyo ankanena kuti masiku ano akutuma ngakhale azimayi achikulire poti sakayikitsa. Ine maso pazenera. Titatsala pang'ono kufika, dalaivala analumpha hampu osachepetsa liwiro. Ndinamva kuti gwaa m'chikwama. Sindinayang'ane. Ndinangomva kunyowa pantchafu.

Pambali panga panali mayi wovala nsapato zoyera. Dontho linagwera pansapato pake, kenako lina. Anayang'ana pansi, anayang'ana chikwama, anasolola dzanja langa n'kuona zala.

"Magazi! Mayo ine! Magazi!"

Sindikudziwa kuti ndinatuluka bwanji. Ndinangopezeka pansi pa siteji, duku palibe, nsapato imodzi, anthu akukhamukira kuchokera m'mashopu, m'mabala, kumsika. Bambo wina wa ovolosi yamafuta, wokonza matayala, anakhuthula chikwama. Anakweza nsalu ija m'mwamba, anthu anakuwa. Anatsegula vodika, ananunkhiza chapatali. "Inunkha chipatala!" Anakweza sheka. "Ichi ndiye chopopela!" Kachoyezera anati n'koyezera magazi. Chilichonse anachipezera ntchito yake, moti ine ndemwe ndikuyang'ana ndinaona kuti zikufanana.

Ndinafuna kuyankhula chi Lusaka. Pamsika ndinkachitha pang'ono ndithu. Koma ndi mantha aja chinathawa chonse, chimene chinatuluka ndi cha kwa amayi anga. "Ndapota nanu abale anga, ndine wantchito chabe, ndi chakumwa cha abwana anga, ndikupita nacho kuphwando."

"Mwamvela? Ndi-ndi-ndi! Si wa kuno uyu! Ni mu Malawi!"

Khofi linatera apa. Khutu limeneli ndi la tsiku limenelo. Wina anakuwa kuti "Mushokeni!" Kushoka kwawoko ndi kuwotcha. Ndinaona tayala likugubuduzidwa kuchokera pa shedi, wina akuthamangira ku galimoto ndi paipi ndi chigubu kukayamwa petulo.

Ndi pamene ndinamuona Bana Mwila. Anaima kumbuyo kwa anthu, pafupi ndi matumba a makala, atavala chitenje cha phwando, dzanja pakamwa. Maso athu anakumana. Anawerama. Dzina lake linafika pano pakhosi, mkazi mnzanga, ndinalimeza. Ndikanamutchula, matayala akanakhala awiri, ndipo iye anali ndi ana aang'ono kuseri kwa msika womwewo.

Amene anayankhula ndi kondakitala wa minibasi. Osati chifundo ayi, ankaopa kuti akathana ndi ine atembenukira basi yake poti ndi imene inandinyamula. "Mwebantu, yembekezani! Akamba ati ni drink. Apange tione!" Ena anakana, ena anafuna kuona. Ofuna kuona anachuluka.

Ndinagwada. Botolo limodzi lofiira linali losasweka. Ndinati ndikufuna ayezi. Mayi wogulitsa madzi ozizira anakana kundiyandikira, anangotaya timiyala ta ayezi pansi chapatali. Ndinakwawa, ndinatola, ndinapukuta mchenga ndi chitenje. Vodika kawiri. Ndi mantha aja wina ankathera pansi. Wofiira kamodzi. Pamene ankatsika m'kachoyezera, khamu lonse linati zii, mpaka ndinamva mwana akulira kutali. Chinanazi. Ndinatseka.

Nditakweza sheka n'kuyamba kukhutchumula, khotcho khotcho khotcho, a kutsogolo anabalalika, ena kugwerana, ati chiphulika. Mwala unandipeza paphewa. Sindinasiye. Ndinadziwa kuti ndikangomaliza atenga gawo lawo, ndiye ndinakhutchumula nthawi yaitali kuposa tsiku lina lililonse, chitsulo chikundiluma m'manja, ndikupempha chamumtima kuti wapolisi adutse. Sanadutse.

Tambula panalibe. Kondakitala anadula botolo lapulasitiki ndi mpeni n'kundikankhira ndi phazi. Ndinathira. Chinatuluka bwino, wamva, ndi kathovu kake pamwamba, ngati tili pabalaza ku Kabulonga.

"Imwa!"

Ndinayang'ana chakumwa chija. Ndinawaona agogo ako ali m'bokosi, ndinamva mawu anga a pamanda paja. Tayala linali litafika pambali panga. Ndinati Ambuye mukuona nokha, ndinatsinzina, n'kumwa. Kutsekemera kaye, kenako moto kutsikira pachifuwa. Ndinatsokomola, china chinayenderera pachibwano mpaka pabulauzi.

Ine ndinkayesa kuti zatha. Mayi wa nsapato zoyera uja ndiye anakuwa: "Onani! Akumwa magazi pamenso pathu! Ndiye vamene bachita!"

Lumbiro langa linapita pachabe. Wa ovolosi anakweza tayala n'kundiveka. Linali lolemera, lotentha ndi dzuwa, mkati muli madzi akale onunkha amene ananditsikira kumsana. Manja anapanikizika m'mbali. Fungo la petulo linandipeza wa chigubu asanafike. Sindinakuwe. Ndinkangoganiza kuti amayi ako adzamva kwa ndani.

"Iwe Chanda! Chosa manja yako apo!"

Mawu a wailesi aja. Bana Mwila anang'amba khamu ndi zigongono ngati akulimbirana kaunjika, anadzaima pakati pa ine ndi wa petulo uja, Chanda yemweyo. "Nenze kukusambika ine uli na mphele, lelo ufuna kushoka bakulu?" Anatola botolo lodula lija, anathiramo zonse zotsala mu sheka, anamwa osapuma. Anthu ankamudziwa, ena ankapemphera naye, ena ankatunga naye pampopi umodzi. Anadzinyambita milomo, anayang'ana kumwamba, anatembenukira kwa ine ndili m'tayala momwemo.

"Ba Malawi, lelo vodika yachepa. Mwataila pansi."

Kenako anamuyandikira wa ovolosi, anamupumira kumaso kuti haa. "Nunkhiza. Iwe ugona mu bala masiku onse, suziba moba?" Mowa kumeneko amati moba.

Bamboyo anatola botolo lofiira. Ananunkhiza, anathira dontho pachikhato, ananyambita. Tonse maso ali pa iye. Ananyambitanso. Kenako analiika botolo lonse pakamwa.

"Iwe, siyako!" anatero wa petulo, n'kuika chigubu pansi.

Nkhondo inasamukira pamabotolo. Wina walanda vodika, wina wathawa ndi sheka, wina akukuwa kuti moba wa apamwamba uyu, ena akuseka ngati si omwe aja. Koma si onse anaseka. Mayi wa nsapato zoyera ankanenabe kuti awiriwa ndi amodzi, ndipo panali ena akumumvera. Bana Mwila anandivula tayala, anandinong'oneza kuti osathamanga, yendani chabe. Tinayenda. Msana wanga wonse unkadikira mwala.

Titakhota kuseri kwa mpanda wina wautali, Bana Mwila anaima. Anakhala m'ngalande ndi chitenje cha phwando chomwecho, anasanza. Kenako anati, osandiyang'ana, "Nenze namuonani kudala. Nenze kuganiza bana."

Kudala kwawoko ndi kalekale. Ndinati ndikudziwa, mayi. Ndinamupukuta kukamwa ndi nsonga ya chitenje changa. Mutu wanga nawo unali utayamba kuzungulira, mowa woyamba pamimba yopanda kanthu, ndiye tinadzuka mogwirana ngati zidakwa ziwiri zochokera kumowa.

Minibasi ina sitinakwere. Tinayenda wapansi mpaka ku Chelstone, dzuwa lili paliwombo, phula likundiwotcha phazi. Ng'oma tinazimvera patali, ndi nthungululu. A Madamu anali pageti, atamanga duku lalikulu lonyezimira, foni m'manja, nkhope itakwinyika.

"Ba Malawi! Nthawi yonse iyi? Alendo bayembekeza! Chola chili kuti? Matini ali kuti?"

Bana Mwila anakonza chitenje chake, anapinda maondo mwaulemu monga amachitira Abemba, n'kuwomba m'manja.

"Tagawila kale, Madamu. Ku Kaunda Square. Bayamikila maningi."

A Madamu anatsegula pakamwa kuti akalipe. Kenako maso awo anatsika. Anaona mutu wanga wopanda duku, phazi lopanda nsapato, ndi mkombero wakuda wa tayala utazungulira bulauzi yoyera kuchokera phewa ili kufika ili. Foni inawapulumuka m'manja.